Chithunzi cha pa Chikuto

Montvernat,
4 Okutobala 1974

Wokondedwa mlongo wanga Aurélien,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Paris konko. Ife kuno tilipo, koma miyendo ya amayi yayambanso kutupa ndi chinyezichi. Mbatatesi takumba, yabereka mokwana. Maapozi ambiri anagwa ndi mphepo, ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikuphika jamu ndekha, pakuti m'nyumba muno manja ndi angawa basi.

Chilandirire kalata yako ya mu Julayi, kwangoti zii. Ndikudziwa kuti inu madokotala a maganizo ntchito yanu ndi kukhala duu kuseri kwa sofa, wodwala atagona chagada n'kumafotokoza maloto ake, inu osayankha. Koma ine si wodwala wako. Ukhoza kundiyankha, sulakwira lamulo lililonse.

Chandilembetsa ndi ichi. Mayi Peyrot, akazi a wogulitsa mankhwala uja, pochokera ku Guéret anandiimika pamsewu, ati aona buku lako latsopano pawindo la sitolo ya mabuku. Anandifunsa ngati ndaliwerenga, kwinaku akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati ndaponda zonyansa. Ndinanama kuti lili m'njira. Tangoganiza, nkhani ya mlongo wanga kuimvera kwa mayi Peyrot.

Amayi amva, ndipo chimwemwe chake n'chosasimbika. Mabuku ako awiri oyamba aja ali pakabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo ndi malemu bambo. Amawapukuta fumbi Loweruka lililonse, ngakhale kuti akati awerenge amayamba kusinza patsamba lachiwiri. Malo a lachitatu akonza kale. Tumiza msanga, ulembemo dzina lawo monga umachitira muja. Utiuzenso ngati ubwere pa tsiku la Oyera Onse kudzaika maluwa pamanda a bambo.

Ndine mchemwali wako,
Odile


Paris,
11 Okutobala 1974

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndipo pa za kukhala chetezo mwandilasa ndithu. Ndili bwino, kungoti nthawi ikundichepera. Odwala amayamba kubwera m'mamawa mpaka madzulo, Lachitatu ndimaphunzitsa, ndipo mwezi wamawa zojambula zanga khumi ndi ziwiri zikaikidwa pachionetsero, pamene zinayi penti wake sanaume n'komwe. Pa Oyera Onse sindikwanitsa. Maluwawo mundiikire, ine ndidzafika pa Khirisimasi.

Za bukuzo n'zoona. Sindinafune kukubisirani, ndimangosowa poyambira. Ndi buku la anthu a ntchito yathu. Muli nkhani zisanu ndi imodzi za anthu amene anasenza chinthu mumtima zaka zambiri osachitchula. Mayina ndi malo ndinasintha monga mwa mwambo wathu, kuti pasapezeke wozindikira mnzake. Koma muli chaputala chimodzi chimene ndikufuna amayi achione, ndipo ndikusinkhasinkhabe ngati ndidzabwere nalo pamanja kapena nditumize. Mundipatse masiku pang'ono.

Miyendoyo aziisanjika pampando akakhala, ndipo mchere achepetse. Mundiperekere moni.

Ndine mlongo wanu,
Aurélien


Montvernat,
16 Okutobala 1974

Iwe Aurélien,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndikufuna.

Kalata yako yozungulirazungulira ija inandisowetsa mtendere, ndiye dzulo ndinakwera basi kupita ku Guéret. M'sitolomo sindinafunse munthu. Amayi anga ndinawaona ndili kutsidya kwa msewu, ali pawindo, pachikuto cha buku lako. Akhala pampando pabwalo la msika, mutu uli mpala, tsitsi lili mbwee pansi. Avala diresi yobiriwira ya kolala yoyera ija. Kumbuyo kwawo kuli tchalitchi chathu ndi wotchi yake yopendekeka. Wajambula ndiwe, dzina lako lili pakona. Ndinagula, ndinakawerengera pabenchi podikira basi.

Ati mayina ndi malo ndinasintha. Eya, unasinthadi. Léontine Chabrat wasanduka "Mayi V.", Montvernat wasanduka mudzi wa asodzi kunyanja. Kenako nkhope yawo n'kuipachika kunja kwa buku. Kubisa mbuzi m'nyumba, chingwe chake n'kuchisiya panja. Sukulu yonse ija, nzeru zake n'zimenezi?

Wakumbutsa Montvernat yense tsiku lija la mu Ogasiti 1944, Ajeremani atangothawa, bambo akadali mkaidi kwawoko. Anyamata a mfuti anawakoka amayi m'nyumba, ati poti ankachapira asilikali a adani zovala ndiye kuti ankagonanso nawo. Tixier wometa uja anawameta mpala, anthu akuwomba m'manja. Zawatengera zaka makumi atatu kuti anthu aziwapatsa moni ngati munthu, kuti abwerere pabenchi yawo yachitatu m'tchalitchi. Zambiri mwa zaka zimenezo iwe unali ku Paris ukuphunzira kumasulira maloto. Wopita nawo kumsika atafunda mpango pakati pa chilimwe ndinali ine.

Koma chachikulu si chimenecho. Tamvera chimene sukuchidziwa, dokotala wodziwa za m'mitima ya anthu iwe. Atabwerera kunyumba tsiku limenelo, amayi sanalire. Anandigwira mapewa n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Aurélien waona?" Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, iwe zisanu ndi zinayi. Ndinali nditakuona ndi maso angawa utakwera pakhoma la sukulu, ukuonerera. Koma ndinawauza kuti ndinakutsekera m'khola la ng'ombe ndipo sunaone kanthu. Anandilumbiritsa pamtanda, ndinalumbira. Apo m'pamene analira, kulira kothokoza.

Bodza limenelo ndilo lawasunga mpaka lero. Chaka chatha chomwechi anandiuzanso, tikusenda mbatatesi, kuti Mulungu anawalanda zonse tsiku lija koma anawasiyira chimodzi, kuti mwana wawo wamwamuna sanawaone.

Ndiye usatumize bukulo. Usabwere nalo. Lisaponde pakhomo pano. Pita kwa osindikiza ukawauze alichotse m'masitolo. Langali ndalibisa pansi pa matumba a tirigu. Undiyankhe tsiku lomwe ulandire kalata ino.

Odile


Montvernat,
9 Novembala 1974

Aurélien,

Tili moyo. Sindikudziwa ngati zimenezi zikukukhudza.

Masabata atatu ndakhala ndikukutukwana mumtima kuti wayamba mwano wako wokhala chete. Kenako Anselme wa makalata anandiuza kuti sitiraka ya antchito a positi yagwira dziko lonse, ndipo kalata yanga mwina ikuwola m'thumba kwinakwake. Ndaikopera yonse, mawu ndi mawu, ili m'envulopu momwemu. Uyambe kuwerenga imeneyo. Zonse ndapatsira a Firmin Jouanny, mmisiri womanga nyumba uja, amene akubwerera kuntchito kwawo ku Paris mawa. Ati adzabweranso kuno pakatha masiku anayi kudzatenga zida, ndiye yankho uwapatsire iwowo.

Komabe sitirakayo isakuyeretse. Ine ndapeza njira, iwe ukanafuna ukanaipezanso. Foni m'mudzi muno ili ku bala kokha, komwe Tixier amaswera akusewera makadi. Sindingakaime pamenepo n'kumakuwa dzina la amayi.

Nkhani yafala kale. Mayi Peyrot anagula buku limodzi, ndipo likuyenda khomo ndi khomo atalikuta m'nyuzipepala. Anthu amene chisiyire sukulu sanatsegulepo buku, lero asanduka ophunzira. Ndikalowa kogula buledi onse amangoti chete ngati awathira madzi. Lachisanu Tixier anandivulira chipewa pamsewu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa. Ndinalakalaka kumulavulira. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo zikundipota ndithu.

Mwayi wanga ndi miyendo ya amayi. Taona pamene wandifikitsa, kuthokoza Mulungu kuti mayi anga sakutha kuyenda. Ku Misa sanapite masabata atatu. Alendo ndikumawabwezera pakhomo, kuwauza kuti agona. Tsiku lililonse amafunsa za buku, ine n'kumati osindikiza achedwetsa. Ndatopa nako kunama chifukwa cha iwe.

Odile


Paris,
13 Novembala 1974

Achemwali,

Moni. A Firmin andipeza pakati pa odwala awiri, ndipo wachiwiriyo ndamubweza, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito. Makalata onse awiri ndawerenga.

Ndiyambe ndi choipitsitsa. Bukulo ndinatumiza kale. Ndinaliponya pa 16 Okutobala, tsiku lomwe inu munkandilembera. Phukusilo lili m'dzina la amayi, ndipo mkati ndinalembamo kuti, "Kwa amayi, kuchokera kwa mwana amene anaona." Lili m'matumba a positi omwewo. Ndapita kukafunsa ngati ndingalibweze, koma zitseko n'zotseka, ndipo mlonda wangondiseka. Mugwirizane ndi Anselme kuti likadzafika adzapereke m'manja mwanu.

Za khola la ng'ombezo sindinkazidziwa. Ndikanadziwa bwanji? M'nyumba mwathu munali woyankhula? Tsopano nanunso mundimvere, pakuti ukali suli ndi inu nokha.

Ndinatsika pakhoma paja nditadzikodzera. Ndinafika kunyumba, munandipatsa supu, ndipo palibe anandifunsa kanthu, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Bambo atabwera anaona mpango, anakhala pansi n'kufunsa za ng'ombe. Ndakula ndi chinthu chimenechi chili pakhosi, osachimeza, osachilavula. Mukuyesa ndinasankhiranji ntchito yomvera anthu? Chithunzicho ndachijambula kambirimbiri kuyambira ndili mnyamata, n'kumang'amba. Inu munali ndi amayi, munkanyamulira limodzi. Ine munanditsekeradi m'khola, kungoti simunagwiritse loko.

Tsiku ndi tsiku ndimaona anthu akuchira chifukwa atchula chinthu chimene ankachiopa. Chilonda chobisa chimanunkha. Ndinkafuna amayi adziwe kuti ndinaona ndipo sindinawachitepo manyazi. Woyenera manyazi ndi Tixier, amene lero ndi khansala, ndi onse amene ankawomba m'manja. Awerenge. Chipewa wakuvuliranicho ndi mantha, ndipo ndakondwa.

Pa chikuto ndinalakwa, ndikuvomera. Osindikiza anapempha chojambula changa, ine n'kupereka chimene chinali pamtima. Ndinadzinamiza kuti ku Montvernat kulibe wogula mabuku otere. Mabuku amene anagulidwa sangabwezedwe, madzi akatayika sawoleka. Koma dzifunseni, achemwali, ngati mukuteteza amayi kapena bodza lanu. Mwina mukuopa kuti chinsinsi chikatha, chimene chakusungani pakhomopo zaka zonsezi chithanso.

Ndine mlongo wanu,
Aurélien


Montvernat,
11 Disembala 1974

A Dokotala Chabrat,

Zikomo pondipima ulere kudzera pakalata. Chimene chandisunga pakhomo pano si chinsinsi. Ndi nkhalamba yofuna kusambitsidwa, ng'ombe zinayi, ndi mlongo amene anakwera sitima osacheuka. Sindinakuyankhe mwezi wonse chifukwa ndikanalemba zoti n'kukalapa kwa ansembe.

Phukusi lako lafika dzulo. Anselme ndinali nditapangana naye bwinobwino, m'mawa uliwonse ndinkamudikira pageti. Koma sitiraka itatha makalata anachuluka ngati mchenga, ndiye anabwereka munthu wa mudzi wina kuti azithandiza kugawa masana. Ine ndinali nditapita kwa a Peyrot kukatenga mankhwala a miyendo. Mlendoyo anagogoda, anawerenga dzina, n'kupereka kwa mwini wake. Sindingamudzudzule, anagwira ntchito yake.

Ndinawapeza atakhala patebulo la kukhitchini atavala magalasi. Chingwe cha phukusi anali atachikulunga bwinobwino monga amachitira, pepala atalipinda. Buku lili patsogolo pawo, chikuto kumwamba. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Odile, unati unamutsekera m'khola."

Ndinagwada, ine mzimayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri. Ndinawauza kuti ndinali mwana, ndinkaopa kuti adziponya m'chitsime. Anandifunsa ngati anthu a m'mudzi aliona bukulo, ndinavomera. Anandifunsa kuti kuyambira liti, ndinawauza. Anagwedeza mutu, anatenga bukulo n'kulowa kuchipinda. Chakudya ndikusiya pakhomo, mbale ikubwerera theka. Kuyambira pamenepo sanandiyankhulenso.

Ndiye wachiritsa, dokotala. Chilonda chija wachitsegula, bwera udzanunkhize.

Odile


Montvernat,
17 Disembala 1974

Mwana wanga Aurélien,

Ndikupatsa moni. Ndikhulupirira ukudya bwino ndipo ukuvala zofunda, kuno kwazizira. Ndikulemba ndekha, ukhululuke zilembo zokhota. Odile sakudziwa kuti ndikulemba.

Mphatso yako ndalandira. Chaputala cha Mayi V. ndawerenga chonse. Chanditengera masiku atatu, ndipo ulendo uno sindinasinze.

Chithunzicho n'choona. Ngakhale batani limene linaduka pakolala waliika. Dzanja lako lojambula silinaname. Lanama ndi dzanja lolemba. Walemba kuti Mayi V. anabwera kwa iwe, anagona pa sofa, anakuuza zakukhosi. Wamuyankhulitsa masamba makumi awiri. Akuti ankamukonda msilikali wina wa tsitsi loyera, akuti mpango ankavala polira iyeyo. Ine ndinakuuza liti zimenezo? Anyamata a mfuti aja ananena kuti ndinagona ndi Mjeremani, osandifunsa. Iwe wanena kuti ndinamukonda, osandifunsa. Iwo anali mbuli zoledzera. Iwe ndiwe dokotala, ndiponso ndinakubereka.

Alendo a ku Paris umawamvera tsiku lonse. Kuno wabwera Khirisimasi iliyonse, wadya patebulo langa, wandipsompsona pamphumi. Ukanangoti kamodzi, amayi, chinachitika n'chiyani, mwina ndikanakukalipira, mwina ndikanakuuza. Koma iwe wayamba wauza osindikiza. Tsopano chimene chinachitika sindidzakuuza. Ndi chokhacho chatsala changa.

Odile wandisonyeza kalata yako, akuyesa kuti ndimukhululukira msanga ndikaona kuti wolakwa kwambiri ndiwe. Nonse awiri mwandiyesa mwana. Iye ndamukwiyira, koma ukali umenewo utha, chifukwa anali kamtsikana ndipo ananama ndi mantha. Zoti unadzikodzera ndipo palibe anakufunsa kanthu zandipweteka kwambiri. Ndikanadziwa ndikanakunyamula. Pamenepo pokha ndikupepesa.

Za Tixier usandimenyere nkhondo. Lamulungu ndinapita ku Misa ndi ndodo, ndinakhala pamalo panga. Anthu ankayang'ana pansi, ine ayi. Maso a anthu a Montvernat ndinawazolowera kalekale. Iwo anaona, ine ndimadziwa kuti anaona, ndipo tinaphunzira kukhala choncho. Bambo ako nawonso ankadziwa. Odile anali pomwepo. Padziko lonse lapansi ndinali ndi munthu mmodzi yekha amene akandiyang'ana ndinkati uyu akuona mayi wake basi, mayi watsitsi lake, wosakhalapo pampando uja. Ukamatsika basi n'kundimwetulira, ndinkakhala munthu wathunthu masiku atatu. Masiku atatu amenewo ankandikwanira chaka chonse. Lero ndadziwa kuti nthawi yonseyo unkaona mpala.

Ukuti sunandichitepo manyazi. Ndikukhulupirira. Koma manyaziwo sanali ako, anali anga, ndipo sunandifunse ngati ndakonzeka kuwatula.

Pa Khirisimasi usabwere. Sindikukuthamangitsa, ndiwe mwana wanga ndipo chipinda chako chilipo. Koma maso ako sindingathe kuwapirira panopa. Jamu wako ndipatsira a Firmin. Ndikadzalimba mtima ndidzakuitana ndi dzanja langali. Ndikapanda kukuitana, udzamva kwa Odile.

Ndine mayi ako,
Léontine Chabrat